MABELO APITA KU MSIKA: NANGA CHILIMWECHI MUCHITA NACHO CHIYANI?

Alimi anzathu, pofika mwezi wa Julayi ndi Ogasiti ambiri a inu mumakhala mutatsiriza ntchito yaikulu ya chaka. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, zigafa zangoti pululu, ndipo mabelo otsiriza ali pa ulendo wa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu. Nazale za fodya wa chaka chamawa zikudikira Seputembala ndi Okutobala. Pakati pa ntchito ziwirizi pali masabata owerengeka pamene khasu limapumako, ndiponso m'thumba mumakhala kangachepe. Masabata amenewa ndiwo tikufuna tikambirane m'nkhani ino.

Tonse tikudziwa zimene zimaoneka m'malo a malonda ndalama za fodya zikayamba kutuluka. Bambo amene waweramira fodya miyezi khumi amasowa pakhomo masabata awiri, nabwerako wapansi, m'manja muli lende. Pofika Disembala banja lomwelo lili pa ganyu m'minda ya eni kufuna ufa, pamene munda wawo ukulowa thengo. Koma pa mudzi womwewo pali mlimi wina amene chilimwe chomwecho amachigawa patatu. Amapita ku bwalo kukasangalala ndi anzake, amakhala pansi kuphunzira chimene sachidziwa, ndipo amapereka manja ake pa ntchito ya mudzi. Zitatuzi zili ngati mafuwa a pa moto. Mukachotsapo fuwa limodzi, mphika sukhazikika.

BWALO NDI SUKULU YOYAMBA

Makolo athu anaika magule ndi miyambo yambiri m'chilimwe chifukwa ndiyo nthawi imene chakudya chilipo, mvula kulibe, ndipo anthu ali ndi mpata. Ino ndiyo nyengo ya chinamwali, ya kumanga ziliza, ya kulonga mafumu ndi ya maukwati. Ng'oma ikalira kubwalo, mudzi wonse umasonkhana, ndipo amene ali ndi makutu amatolapo nzeru.

Taonani Gule Wamkulu wa Achewa. Munthu wodutsa amangoona fumbi ndi kuthamanga kwa ana, koma mwini mudzi amadziwa kuti chilombo chilichonse chimabwera ndi phunziro lake. China chimadzudzula ulesi, china kuledzera, china chiwerewere, china kunyoza akuluakulu. Nyimbo za amayi pa chimtali ndi pa chisamba zimachita chimodzimodzi. Mwamuna amene anamwera ndalama za fodya amadzimva yekha m'nyimbo ngakhale dzina lake silinatchulidwe. Palibe mlangizi amene angathe kulasa mtima wa munthu monga imachitira nyimbo yoimbidwa ndi alongo ake pamaso pa gulu.

Chuma chimenechi mayiko akunja anachizindikira. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka m'gulu la miyambo yamtengo wapatali ya anthu a pa dziko lonse. Tchopa wa Alomwe analowa m'kaundula yemweyo mu 2014, kaphikidwe ndi kadyedwe ka nsima mu 2017, ndipo Mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao yasungidwa kuti ana athu akaione. Tsono ngati alendo amalipira ndege kudzaona zimenezi, nchifukwa chiyani ife eni ake tiziyesa zachabe?

Palinso phunziro lina limene bwalo limapereka, ndilo la kayendetsedwe ka gulu. Ganizani za mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, kapena malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndipo mpaka lero ovina amavala zoyera, naima m'mizere mwadongosolo. Kuti gulu la mganda likavine ku mudzi wina, pamafunika mtsogoleri, msungichuma, masiku okonzekera, zopereka zogulira yunifolomu, ndiponso mudzi wolandira alendo umasonkha ufa ndi ndiwo. Anyamata amene angathe kuchita zonsezi popanda kukangana angathenso kuyendetsa kalabu ya alimi. Luso lake ndi limodzi.

MIYAMBO IKULUIKULU YA PA CHAKA

Kupatula magule a pa mudzi, chilimwe chili ndi misonkhano ikuluikulu ya mitundu yathu. Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Kumeneko mafumu amapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi, nafotokoza mmene anthu awo akukhalira. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, koma unadzayambanso mu 1984. Angoni a ku Mzimba amasonkhana pa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho. Angoni a kwa Gomani amakumana ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, pa Umhlangano. Atumbuka a kwa Chikulamayembe ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero, m'boma la Rumphi, ndipo Alomwe amakumana kwa Chonde, m'boma la Mulanje, mwezi wa Okutobala.

Amene mungathe kupita, pitani, ndipo mutenge ana. Koma musaiwale kuti misonkhano yaikuluyi imadalira mabwalo aang'ono a m'midzi. Ovina amene mumakawaombera m'manja ku Mkaika kapena kwa Chonde anaphunzira kuvina kwawo, pa bwalo la fumbi, kwa nkhalamba imene inawapatsa nthawi yake osalipidwa. Nkhalamba imeneyo ikamwalira isanasiye luso lake kwa wina, gule amapita nayo kumanda. Choncho ngati pa mudzi panu pali mkulu wodziwa kusema ndi kukunga ng'oma, woimba sansi kapena bangwe, kapena gogo wodziwa nthano, chilimwe chino mutumizireni ana. Inunso khalani nawo pomwepo, pakuti kuphunzira kulibe msinkhu.

KWA INU A M'MAESITETI

Ambiri a inu amene mumalima m'maesiteti a ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi munachokera kutali, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga kapena Mangochi. Mumakhala pakati pa anthu a chiyankhulo china ndi miyambo ina, ndipo nkosavuta kuganiza kuti za bwalo la m'mudzi woyandikana nawo sizikukukhudzani. Ena amati, ife tinabwerera fodya, tikalandira zathu tizipita. Maganizo otere ndi oopsa. Matenda ndi maliro sizisankha kuti uyu ali kwawo, uyu ali kwa eni. Tsiku limene mwana wanu adzadwale usiku, amene adzakubwerekeni njinga kapena ngolo ndi munthu wa m'mudzi uja. Tsiku la zovuta, malo a kumanda mudzakawapempha kwa nyakwawa yomweyo. Munthu amene sanaonekepo pa maliro a eni mudzi kapena pa chisangalalo chawo amavutika kugogoda pa khomo lawo pakati pa usiku.

Komanso musadziyese opanda kanthu kopereka. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pa esiteti imodzi pamapezeka Mlomwe wodziwa tchopa, Myao wodziwa beni ndi manganje, Mchewa wa chimtali ndi Mtumbuka wa nyimbo za kwawo. Kodi ndi mudzi uti umene uli ndi chuma chotere pamalo amodzi? Pemphani tsiku limodzi kwa mwini esiteti ndi kwa mfumu, muitane midzi yoyandikana nanu, aliyense aonetse gule wa kwawo. Makwaya a mipingo, a sikiri ndi timu za mpira nawonso apatsidwe mpata, kuti amene chipembedzo chawo sichiwalola gule wina asatsalire kunyumba. Ana anu amene anabadwira pa esiteti adzaona kwa nthawi yoyamba za kwawo kwa makolo awo, ndipo eni dera adzayamba kukutchulani maina m'malo mongoti anthu a pa esiteti aja.

Chenjezo ndi limodzi. Tsiku lotere lithe dzuwa likamalowa. Magule ochezera usiku wonse, pamene mowa wachuluka ndi ndalama za fodya zili m'matumba, ndiwo amabala ndewu, mimba za ana a sukulu ndi matenda. Sankhani akuluakulu aamuna ndi aakazi oyang'anira, ndipo ana abwerere kunyumba pamodzi ndi makolo awo.

SUKULU YA KWACHA SI YA AMAYI OKHA

Tsopano tibwere pa fuwa lachiwiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo ankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndiye kuti pa anthu khumi alionse, atatu sankatha. M'midzi ndi m'maesiteti, kumene ambiri anasiya sukulu ali aang'ono chifukwa cha umphawi kapena kusamukasamuka, vutoli ndi lalikulu koposa.

Ntchito yophunzitsa akuluakulu si yachilendo m'dziko muno. Inayesedwa ku Mponela mu 1947, inakula ndi sukulu za kwacha dziko litalandira ufulu, ndipo mu 1986 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera mogwirizana ndi ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Makalasi amakumana masana, pa sukulu, m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo, ndipo salipiritsa. Pa 8 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira ntchito imeneyi.

Koma mukapita pa kalasi ya kwacha mudzapeza kuti ambiri ndi amayi. Abambo amachita manyazi. Amati, ndikakhale pansi ndi akazi kumaphunzira a, e, i, o, u, ine wa ndevu zanga? Abambo inu, tiyeni tiwerengere mtengo wa manyazi amenewa.

Fodya pa okushoni amagulidwa pa kilogalamu, ndipo mtengo wake umatchulidwa m'madola a ku America. Belo likagulidwa mumalandira pepala lija timalitcha seloshiti. Pamenepo pamalembedwa nambala ya belo, kulemera kwake, giredi, mtengo, ndi zonse zimene zadulidwa: za msika, za mabungwe, msonkho, ndiponso ngongole ya zipangizo ngati munalima pa kontirakiti. Tiyerekeze kuti mwatumiza mabelo asanu a makilogalamu 100 lililonse. Akagulidwa pa $2.20, ndalama zonse ndi $1,100. Akagulidwa pa $1.60 chifukwa munasakaniza magiredi, ndi $800. Kusiyana kwake ndi $300. Mlimi wowerenga amaona pa pepalapo belo limene lamugwetsa, nakonza kasankhidwe kake chaka chamawa. Mlimi wosawerenga amangomva kwa mnzake kuti fodya sanayende bwino chaka chino, ndipo sangadziwe ngati wolakwa ndi iye, msika, kapena amene wamuwerengera pepalayo.

Chimodzimodzi ndi sikelo. Wogula wachinyengo akamaba kilogalamu imodzi pa makilogalamu khumi alionse, pa matumba 20 a soya kapena mtedza a makilogalamu 50 wakuberani matumba awiri athunthu, inu mukuyang'ana. Chimodzimodzinso ndi botolo la mankhwala. Pa chizindikiro chake pamalembedwa muyezo wothira m'madzi, zovala zodzitetezera, ndi masiku oyenera kudikira musanakolole. Kuphonya pamenepo ndi kuotcha nazale kapena kudwalitsa banja. Ndipo inu a m'maesiteti, kumbukirani kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa dongosolo lakale la utenanti, kuti wolima pa esiteti akhale wantchito wolandira malipiro. Pangano la ntchito ndi buku la zimene mwatenga kwa kapitawo zimakutetezani pokhapokha ngati mukutha kuziwerenga. Chala chodindidwa pa pepala losawerengedwa chaika anthu ambiri m'ngongole zimene sanazidziwe. Safunsa anadya phula.

Ngati abambo mukuchita manyazi kuphunzira pamodzi ndi akazi anu kapena apongozi, kambiranani ndi mlangizi wa chitukuko cha m'midzi kuti kalabu yanu ikhale ndi kalasi yakeyake. Chigafa chili chopanda ntchito mpaka Januwale. Muli mthunzi, muli malo, ndipo seloshiti yanu yomweyo ikhoza kukhala buku loyamba la masamu.

AMENE MUKUDZIWA KALE KUWERENGA

Kudziwa kulemba si mapeto a maphunziro. Ulimi umasintha chaka ndi chaka. Achikulire akukumbukira magalimoto achikasu a Unduna wa Zaulimi amene m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankayenda m'midzi kuonetsa kanema ndi zidole zophunzitsa ulimi, ndiponso magazini ya Za Achikumbi imene inkadutsa m'manja ambiri mpaka kung'ambika. Lero nzeru zikubwera pa wailesi, pa lamya ya m'manja, m'minda ya chitsanzo ndi pa masiku a chionetsero ku malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Kandiya ku Lilongwe kapena Mwimba ku Kasungu. Mvula yasintha kagwedwe kake. Ntchemberezandonda zinafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, ndipo panalibe gogo amene akanatiuza kale mankhwala ake. Ogula fodya akufuna zina zimene kale sankafunsa, ndipo alimi ambiri akuphunzira soya, mtedza, mpendadzuwa ndi njuchi kuti asadalire mbewu imodzi. Mlimi amene akuti ndinaphunzira kale kwa bambo anga adzatsala yekha m'mbuyo.

Mbiri ya William Kamkwamba ambiri mukuidziwa, koma ndi yoyenera kuikumbukira pano chifukwa ndi mwana wa mlimi wa fodya ndi chimanga ngati inu. Kwawo ndi ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itasautsa banja lawo, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Sanakhale pa bawo. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi ankachidziwa pang'ono, choncho ankatsata zithunzi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, nayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu amene ankamuseka kuti wapenga anayamba kubwera kudzatchaja lamya zawo.

Mbiri yake itamveka, anakayankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007, ndipo anapitiriza maphunziro mpaka kutsiriza pa koleji ya Dartmouth ku America mu 2014. Chimene tikufuna muone ndi ichi: sanaiwale ku Wimbe. Kudzera m'bungwe la Moving Windmills anathandiza kubweretsa madzi opopedwa ndi mphamvu ya dzuwa m'mudzi mwawo ndi kumanga makalasi atsopano pa sukulu imene inamubwereka buku lija. Nzeru anazitenga pa mudzi, ndipo anazibwezera pa mudzi.

THANGATA WABWINO NDI THANGATA WOIPA

Apa tafika pa fuwa lachitatu. Tikudziwa kuti ena a inu mukamva za ntchito yopanda malipiro mumakwinya nkhope, ndipo chifukwa chake chilipo. Mawu akuti thangata poyamba anali mawu abwino. Ankatanthauza kuthandizana: lero tikalima kwa uje, mawa kwa uje, mwini munda naphika thobwa kapena mowa wa dima. Koma azungu a minda ikuluikulu ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anawatenga mawuwa m'zaka za m'ma 1890, nawasandutsa ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira kuti aloledwe kukhala pa malo. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu Januwale 1915. Thangata wotereyu anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Tsono kusiyana kwake nkotani? Ntchito ya chitukuko ndi imene anthu agwirizana okha pa bwalo, imene phindu lake ndi la onse, ndiponso imene mfumu, mwini esiteti ndi mlimi wamng'ono onse aperekapo molingana ndi mphamvu zawo. Ntchito imene walamula munthu mmodzi kuti apindule yekha si chitukuko, ndipo muli ndi ufulu woikana. Koma tisalole kuti kuipa kwa thangata wa atsamunda kutiiwalitse thangata wa makolo athu. Mutu umodzi susenza denga.

Dziko lino laona zimene anthu angachite akagwirana manja. Sukulu zambiri za pulaimale ndi nyumba za aphunzitsi zinamangidwa ndi makolo pa ntchito zodzithandiza okha. Sukulu ya pulaimale itakhala yaulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo pa ntchito za MASAF zimene zinatsatira, midzi inkatuta mchenga ndi miyala pamene thumbalo linkapereka simenti ndi malata. Makalabu a alimi nawonso ndi umboni. Ngongole za m'magulu zitayamba m'chigwa cha Lilongwe mu 1973, pafupifupi ngongole zonse zinkabwezedwa kwa zaka zambiri, chifukwa aliyense ankadziwa kuti akalephera wagwetsa anzake. Chilala cha mu 1992 chitadza, ndi mphekesera zakuti ngongole za Boma sabweza zitafala, dongosolo lonselo linagwa, ndipo amene anavutika ndi alimi eni ake. Kukhulupirirana kumamangidwa zaka zambiri, koma kugumuka kwake ndi kwa nyengo imodzi.

MUNGAPEREKE CHIYANI?

Musaganize kuti kubwezera mudzi nkwa olemera okha. Yang'anani pa dera lanu. Mjigo uja unathyoka chaka chatha ukudikira ndalama zochepa za zipangizo ndi komiti yokhulupirika. Mlatho wa mitengo umene lole ya mabelo imakanika kuoloka ukhoza kukonzedwa tsopano madzi ali ochepa. Sukulu ya mmera mpoyamba ikusowa thumba la chimanga ndi soya wa phala. Gogo wolera ana amasiye denga lake likudontha, ndipo udzu uli mbwee kudambo moto usanadutse. Pomanga makalasi funsani kaye alangizi, pakuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha pa nyumba za Boma. Mchenga, miyala, madzi ndi manja anu ndizo zikufunika.

Ife alimi a fodya tili ndi ngongole yapadera ya mitengo. Zigafa zimadya milimo ndi mphanda, ndipo mabalani amadya nkhuni. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande zake zimafesedwa m'chilimwe. Pamene mukukonza nazale ya fodya, onjezerani bedi limodzi la mitengo. Ina mubzale kwanu, ina mupereke ku sukulu, kumanda ndi m'mbali mwa mtsinje.

Amayi ambiri ali m'magulu a banki mkhonde. Njira imeneyi inayambira m'dziko la Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo yafalikira chifukwa ndi yosavuta: anthu 15 mpaka 25 amakumana sabata ndi sabata, amasunga ndi kubwereketsana, nagawana pakutha pa chaka. Gulu lililonse limakhalanso ndi kathumba kapadera kothandizira matenda ndi maliro. Koma gulu lotere limafuna mlembi wodziwa kulemba ndi mamembala otha kuona ngati walemba zoona. Apa mukuona mmene mafuwa aja akugwirira ntchito limodzi. Amayi amene anadziwana pa chimtali ndiwo amakhulupirirana pa banki, sukulu ya kwacha ndiyo imateteza bokosi lawo, ndipo bokosilo ndilo limagula mankhwala mnzawo akadwala.

Mphatso yaikulu koposa ndi nzeru. Ngati fodya wanu amagulidwa pa mtengo wabwino chaka ndi chaka, itanani anzanu a m'kalabu adzaone mmene mumasankhira. Simudzataya kanthu, pakuti ogula akadziwa kuti dera lakutilakuti limatulutsa fodya wosankhidwa bwino, dzina labwinolo ndi la nonse. Ngati munafika Fomu 2 kapena Fomu 4, dziperekeni kuphunzitsa kalasi ya kwacha. Kupatsa nkuika.

Ndipo musaiwale ana. Sukulu zimatsegulidwa mwezi wa Seputembala, nthawi yomwe ntchito ya nazale ikuyamba. Malo a mwana ndi m'kalasi. Lamulo likuletsa kugwiritsa ana ntchito za fodya, ndipo ogula akunja amakana fodya wa dziko limene lili ndi mbiri yotere. Gulani yunifolomu ndi makope ndalama zisanathe. Zinamwali zichitike pa tchuthi, ndipo zithe sukulu isanatsegulidwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho mukaona mwana wa pa esiteti kapena wa m'mudzi akuthirira nazale nthawi ya sukulu, yankhulani ndi makolo ake.

ZOTI MUCHITE MWEZI UNO

1. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu, aliyense abwere ndi seloshiti yake. Muwerengere limodzi mzere ndi mzere, ndipo chimene simukuchimva mukafunse mlangizi.

2. Lembani maina a amuna ndi akazi ofuna sukulu ya kwacha, mukawapereke kwa mlangizi wa chitukuko cha m'midzi. Wapampando wa kalabu akhale woyamba kulimbikitsa abambo.

3. Kambiranani ndi mfumu, ndi mwini esiteti ngati muli pa esiteti, za tsiku la magule. Pa tsikulo pakhale mpata wakuti mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo ayankhule mwachidule anthu asanabalalike.

4. Pa bwalo lomwelo sankhani ntchito imodzi yokha ya chitukuko imene mungathe kuitsiriza mvula isanagwe. Ntchito imodzi yotha iposa zisanu zosiyidwa panjira.

5. Ndalama zonse zosonkha zilembedwe m'buku, ndipo ziwerengedwe poyera pamaso pa anthu onse.

6. Banja lililonse likhale pansi, mwamuna ndi mkazi, kugawa ndalama za chaka chino: chakudya, zipangizo za ulimi, sukulu, zosunga, ndi kachopereka ka mudzi.

Alimi anzathu, mitengo ya pa msika imakwera ndi kutsika, ndipo si inu amene mumaiika. Mvula nayo simungailamule. Koma masabata a chilimwe ali m'manja mwanu. Pofika Okutobala mabingu adzayamba kumveka, zitini zothirira zidzakhala m'manja, ndipo mpata umenewu sudzapezekanso mpaka chaka chamawa. Yambani sabata ino. Kaonaneni ndi mfumu yanu, mlangizi wanu ndi anzanu a m'kalabu.